Makanika Amene Ankandiphunzitsa za Madiripi

1

Ndiyambe ndi kuvomera mlandu. Mwezi wanga woyamba pa ntchito ya unamwino, munthu amene ndinkamufunsa za mankhwala obaya m'diripi anali makanika wa magalimoto. Musathamangire kundiweruza. Mukanawaona Asisita, mkulu wa anamwino pa wodi yathu, inunso mukanakafunsa ngakhale wometa tsitsi.

Ananditumiza ku wodi ya amuna, ya mabedi makumi awiri ndi anayi. Asisita anali mayi wamfupi, wa magalasi okhala pamphuno ndi nsapato zosamveka poyenda. Anamwino ankawatcha a Kambuku, koma chakumbali, atayamba ayang'ana kaye kumbuyo.

Tsiku loyamba ananditengera m'chipinda cha mankhwala. Pakhoma panali tchati chachikulu cha timabokosi tofiira ndi tobiriwira. Pashelefu panali buku lonenepa, lomangidwa ndi chingwe kuti lisayende.

"Mvera bwino, mwana iwe," anatero. "Mankhwala ena akakumana ndi madzi olakwika m'chubu cha diripi amaundana, timibulu take n'kulowa m'mitsempha ya munthu. Ena saundana, amangofooka mwakachetechete, wodwala n'kumalandira madzi chabe. Ndiye usanabaye, werenga zimene adokotala alemba. Werenga thumba limene likudontha, chifukwa madzi onse amaoneka ofanana. Kenako bwera pa tchati apa. Tchati chikapanda kukuyankha, tsegula buku. Buku likapanda kukuyankha, imba ku famase, kwa akatswiri a mankhwala. Tsuka chubu ndi madzi amchere usanabaye, utsukenso ukamaliza. Ukaona m'chubu mwachita mbuu, tseka undiitane. Bwereza."

Ndinabwereza, koma ndinayambira pakati, n'kuiwala buku, n'kumalizira ku famase.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ku sukulu ankakuphunzitsani chiyani? Kuyala mabedi basi?"

Kuyambira pamenepo ndinkaopa kufunsa. Tchati chija chinali pafupi ndi tebulo lawo, moti ukaima pamenepo chala chikusochera m'timabokosi, unkamva maso awo akukuboola msana. Abambo a ku famase nawo ukawaimbira ankati "dikirani," n'kuika foni patebulo, iwe n'kumamvetsera akucheza za mpira.

2

Chibwenzi changa, makanika uja, ndinkachitcha a Sipanala. Tinadziwana ndili ku koleji, tsiku limene basi yathu inafera pamsewu iwo n'kubwera kudzaidzutsa. Anali wamkulu kwa ine ndithu, imvi zitayamba m'mbali mwa makutu, koma woseketsa ndi waulemu. Ankanditcha Dokotala. Kwawo sindinafikeko.

"Ndimakhala ndi asisita anga," ankatero. "Munthu wovuta. Alendo safuna. Tidikire kaye mpaka mitima yawo ikhale pansi."

Ndinkawamvera chisoni mwamuna wamkulu chonchi kumalamulidwa ndi mlongo wake. Tinkakumana ku galaja kwawo, pa benchi la kuseri, pakati pa matayala akutha.

Tsiku limene ndinawauza chipatala ndi wodi imene anditumiza, anatsamwa ndi madzi akumwa mpaka misozi.

"Wodi ya amuna? Yam'mwamba ija?"

"Mukuidziwa?"

"Ayi. Ndangoganiza kuti amuna amawaika m'mwamba."

Kuchokera tsiku limenelo fungo la chipatala linayamba kuwayetsemulitsa. Akandiperekeza pa galimoto ankanditsitsa misewu itatu tisanafike pageti.

Loweruka lina ndinkawadandaulira za tchati chija, iwo ali chagada pansi pa galimoto, miyendo yokha ikuoneka. Ndinatchula mankhwala awiri amene ankandisokoneza, ampisilini ndi jentamayisini, amene pa wodi timangoti ampi ndi jenta. Mwadzidzidzi pansi pa galimoto panatuluka nyimbo:

"Ampi ndi jenta, mphaka ndi galu,
m'chubu chimodzi asakumane.
Wina akadutsa, tsuka njira,
mnzake abwere pambuyo pake.
Ampi shuga samufuna,
mpatse amchere akondwere."

Ndinagwada n'kusuzumira. "A Sipanala, zimenezi mwazidziwa kuti?"

"Dokotala, galimoto ndi munthu n'chimodzimodzi. Mafuta a mabuleki suthira mu injini."

Lolemba ndinalawirira Asisita asanafike, n'kuyerekeza nyimbo ija ndi tchati. Zonse zinali zoona. Basi, ndinapeza mphunzitsi amene sankandifunsa za kuyala mabedi. Ndikakayika, ndinkalowa m'kachipinda kosungira mabulangete n'kuwaimbira.

Ankandimvetsanso bwino ndikamadandaula za a Kambuku.

"Amakuyang'ana pamwamba pa magalasi, eti?" ankatero, akupuma mozama. "Kenako amati, bwereza."

"Mwadziwa bwanji?"

"Anthu oterowo ndi amodzimodzi dziko lonse."

Ine n'kumati mumtima, mwamuna uyu ndi wanzeru bwanji.

3

M'mawa wina ndinkasungunula ampi m'chipinda cha mankhwala, ndikuimba chapansipansi. Ndinali nditafika pa mphaka ndi galu kachiwiri pamene ndinamva mpweya wa munthu pakhosi panga.

"Nyimbo imeneyo waitenga kuti?"

Kabotolo kanatsala pang'ono kugwa. "Ku sukulu, Asisita."

"Anakuphunzitsa ndani?"

"Aphunzitsi ena ake. Aamuna. A imvi m'mbalimu."

Asisita anavula magalasi. Anamwino amene akhala pa wodi imeneyo zaka khumi anandiuza pambuyo pake kuti chimenecho anali asanachionepo. Anawapukuta ndi ngodya ya yunifolomu, n'kuwavalanso, n'kupita ku ofesi.

Kuyambira tsiku limenelo anasiya kundikalipira. Ankangondiyang'ana. Ine ndinayesa ndayamba kuwasangalatsa, mpaka ndinauza a Sipanala pafoni kuti nyimbo yawo yafewetsa kambuku.



"Waimba pamaso pawo?"

"Ee. Aikonda."

"Dokotala, nyimbo zina ndi za mumtima. Usamaimbe pagulu."

4

Pa bedi lachiwiri panali aphunzitsi opuma pa ntchito, odwala chibayo, amene ngakhale akubanika ankakonza galamala ya aliyense wodutsa. Adokotala anawalembera sefitirayakisoni, amene timangoti sefu. Pamtengo wa diripi pankadontha thumba la madzi otchedwa Ringazi.

Sefu ndi Ringazi munalibe m'nyimbo ija. Ndinapita ku tchati, ndinapeza Asisita ataima pomwepo akuwerenga mabokosi a magolovesi. Miyendo yanga inakhota yokha kulowera ku mabulangete.

"A Sipanala, mwachangu. Sefu angalowe m'chubu mmene mukudutsa Ringazi?"

Kumbuyo kwawo kunkamveka hamala. Anazengereza pang'ono, ndipo kuzengereza kumeneko ndinakumva, koma ndinasankha kusakumva.

"Ringazi? Aaa, ndi amchere omwewo amenewo. Angosintha dzina. Baya, Dokotala."

Ndinasungunula mankhwala, ndinapita kwa aphunzitsi, ndinapukuta pobayira, ndinalumikiza sirinji. Chala changa chinali chitagunda kale pokankhira pamene dzanja lozizira linandigwira pamkono ngati pulayazi.

"Tikubwera, aphunzitsi," anatero Asisita, akumwetulira. "Taiwala kanthu kakang'ono."

M'chipinda cha mankhwala anatseka chitseko. Anathira Ringazi pang'ono m'kagalasi, n'kudontheza mankhwala a m'sirinji yanga. Tinadikira. Madzi aja anayamba kuchita mbuu, kenako pansi panayamba kukhala tinthu toyera ngati fumbi la choko.

"M'Ringazi muli kashiamu," anatero motsitsa mawu. "Akakumana ndi sefu amapanga zimenezi. Bambo aja mapapo awo ndi otopa kale. Ukufuna uwatumizirenso mchenga?"

Anagwira chala changa n'kuchiyendetsa pa tchati, mzere wa sefu kutsika, mzere wa Ringazi kupingasa. Pokumana pake panali kabokosi kofiira psuu. Kanali pamenepo masiku onse, masitepe anayi kuchokera pamene ndinakhota.

Ndinalira ngati mwana. Anandisiya ndilire, kenako anati, "Pukuta mphuno. Wodwala akudikira." Ndinasungunula mankhwala ena. Tinatseka Ringazi, ndinatsuka njira ndi madzi amchere, ndinabaya pang'onopang'ono, ndinatsukanso, iwo akundiyang'anira pambali. Titamaliza anandilembetsa lipoti la zimene zinatsala pang'ono kuchitika.

"Tsopano undiuze. Wakuuza ndani kuti ubaye?"

"Palibe, Asisita."

"Palibe ameneyo ali ndi foni? Chifukwa mabulangete ndikuwadziwa, sayankha."

Ndinaulula. Ndinati ndi chibwenzi changa, makanika.

"Ehe. Amakonzera kuti magalimoto akewo?"

Ndinawalongosolera njira, mpaka benchi la kuseri.

"Ehe," anateronso. "Pita ukayeze odwala kutentha thupi."

Masana omwewo ndinawaimbira a Sipanala n'kuwazazira mpaka foni inatentha. Anapepesa. Anati nyimbo yawo sinafike pa Ringazi, ndiye anachita manyazi kunena kuti sakudziwa. Anatinso ndisawakalipire kwambiri chifukwa akumva ululu, lata linawacheka dzanja masiku atatu apitawo ndipo anangomangapo kansanza.

"Bwerani kuchipatala," ndinatero.

"Kumeneko ayi. Bola lidukire konkuno."

Za mankhwala ndinasiya kuwafunsa. Ndinayamba kuima pa tchati ngakhale msana uzibooka, ndipo ku famase ndinaphunzira kudikira mpaka mpira uthe. Koma chibwenzi sindinathetse. Mtima suwerenga lipoti.

5

Lolemba lotsatira, nditangolowa, Asisita anandipatsa fayilo osandiyang'ana.

"Bedi sikisi ndi lako. Wabwera m'mawa uno. Dzanja latupa, thupi latentha. Ali pa Ringazi, adokotala alemba sefu. Ukudziwa chochita."

Ndinakonza thireyi yanga n'kupita. Bedi linali lotchingidwa ndi makatani. Nditakoka, ndinaona munthu atafunda bulangete mpaka pamphuno, dzanja limodzi lili panja litatupa ngati mpira. Imvi za m'mbali mwa makutu ndinazidziwa.

"A Sipanala!"

"Tsitsa mawu, Dokotala, chonde."

"Mwabwera bwanji kuno? Simunayetsemule pageti?"

"Andibweretsa asisita. Ndinakomoka pang'ono m'bafa, podzidzimuka ndili pano."

Ndinakonza kolala ya yunifolomu. Tsiku lokumana ndi alamu anga linali litafika, ndipo anali oti andipeze ndikupulumutsa mchimwene wawo.

"Ali kuti? Ndikawapatse moni."

A Sipanala anatseka maso n'kugwetsa mutu kumbali ngati akomokanso.

Makatani anatseguka onse mbali ziwiri. Asisita anaima kumiyendo kwa bedi, manja kumbuyo, wodi yonse ikutiona. Ndinkangopemphera kuti asadziwe kuti wodwalayu ndiye makanika uja.

"Bambo," anatero mokweza, "namwino wanuyu ndi watsopano, koma ali ndi katswiri amene amamulangiza. Katswiriyo akuti Ringazi ndi madzi amchere omwewo, angosintha dzina. Ndiye tikuganiza tingobaya sefu m'chubu momwemo, tisavutike ndi zotsukatsuka. Mukuti bwanji?"

Wokomoka uja anadzuka n'kukhala tsonga.

"Ayi! Musabaye! Onani pa tchati! Imbani ku famase! Tsukani kaye!"

"Iii, mukudziwa zambiri. Munaphunzira kuti unamwino, amuna anga?" anatero Asisita.

Ndinayesa sindinamve bwino. Ndinayang'ana Asisita, ndinayang'ana a Sipanala. Kenako ndinatsegula fayilo ija, tsamba loyamba limene ndinalidumpha pothamangira la mankhwala. Pa mzere wa wachibale woyandikira panali dzina la Asisita, lolembedwa ndi dzanja lawo lomwe. Pambali pake analemba kuti, mkazi wake.

"Munati mumakhala ndi asisita anu," ndinatero.

"Ndiye ndinanama pati?" anayankha chapansipansi. "Si Asisita amenewa?"

Pa bedi lachiwiri aphunzitsi aja, amene tsopano ankapuma bwino, anatsokomola. "Pa galamala yokha," anatero, "bamboyu wakhoza."

Wodi yonse inaphulika. Wina wa bala la pamimba ankaseka atagwira bandeji, akupempha kuti tisiye. Ine ndinkafuna simenti ing'ambike ndilowe.

"Zaka makumi awiri ndi ziwiri m'banja," anatero Asisita, kuuza ine. "Ana atatu. Mankhwala achedwa ndi mphindi khumi, Nesi. Yamba."

Aka kanali koyamba kunditcha Nesi.

Ndikuuzeni zoona, manja anga ankafuna khosi la munthu ameneyo. Koma ndinawerenga zimene adokotala analemba. Ndinawafunsa dzina lawo lonse ngati sindiwadziwa, ndipo kunena zoona sindinkawadziwa. Ndinawafunsa ngati pali mankhwala amene amawawenga. Ndinawerenga thumba mokweza. Ndinapita pa tchati n'kubwerako. Ndinatseka Ringazi, ndinatsuka, ndinabaya pang'onopang'ono ndikuyang'ana m'chubu, ndinatsukanso. A Sipanala maso anali pa chala changa mpaka dontho lomaliza, thukuta lili kamukamu.

"Zikomo, Dokotala," ananong'ona.

"Ndine namwino, bambo. Mukafuna botolo lokodzera muimbe belu."

6

Nthawi yopuma Asisita anandiitanira ku ofesi. Ndinalowa nditakonzeka kuchotsedwa ntchito, kapena kumenyedwa, kapena zonse ziwiri.

"Sindinkadziwa, Asisita. Ndikulumbira."

"Ndikudziwa kuti sunkadziwa. Munthu wodziwa sangandiimbire nyimbo imeneyo kukhutu. Anaipeka ndi mwamuna wangayo ndili ku koleji, ndikukonzekera mayeso, mwana woyamba ali kumsana. Ankandifunsa mafunso ine ndikuchapa. Padziko lonse tinkaidziwa anthu awiri."

Pamenepo ndinaona kuti a Kambuku nawonso ali ndi pamene pamapweteka. Ndinayamba kupepesa, koma anakweza dzanja.

"Za mwamunayo usandipepese, ndithana naye ndekha. Chimene sindinakukhululukire ndi cha aphunzitsi aja. Unaopa nkhope yanga kuposa imfa ya munthu."



"Komanso ine ndili ndi mbali yanga," anapitiriza, akuyang'ana pawindo. "Ngati mwana akuthawira ku galaja m'malo mondifunsa, ndiye kuti nkhope imeneyi yanyanya. Usauze anthu kuti ndanena zimenezi."

A Sipanala anagona pa wodi yathu masiku asanu ndi awiri. Sindinaonepo wodwala womvera chonchija. Ndinapempha kuti bedi sikisi lipatsidwe namwino wina, ndipo Asisita anavomera, koma tonse awiri tinkadutsabe pamenepo kangapo pa tsiku. Tikatulukira mbali imodzi, ankatembenukira kukhoma. Tikatulukira mbali zonse ziwiri, ankafunda kumutu. Odwala anzawo anawapatsa dzina loti Adokotala Aakulu, ndipo aliyense wolandira jakisoni ankakuwa kuti, "Tafunsani kaye ku bedi sikisi!" Aphunzitsi aja atatulutsidwa anakana kupita mpaka madzulo, akuti akufuna aone mathero ake.

Dzanja linachira. Tsiku lotuluka, Asisita anawabweretsera sutikesi yaikulu yodzaza zovala zawo zonse, pamwamba pake atamangirira bokosi la zitsulo zogwirira ntchito.

"Ya chiyani yonseyi, mayi?" anafunsa. "Si tikupita kunyumba?"

"Ine ndikupita kunyumba. Inu ndamva muli ndi benchi."

Ine Asisita sanandipatse moni mwezi wathunthu, kupatula za ntchito. Mwezi wachiwiri anasaina pepala langa losonyeza kuti ndikhoza kubaya mankhwala a m'diripi popanda wondiyang'anira. Tchati chija anachisamutsa n'kuchipachika kuseri kwa chitseko, kumene munthu angasochere chala mwamtendere.

7

Owerenga anzanga, nkhaniyi anthu akaimva amaseka, ndipo inenso ndimaseka tsopano. Mayi anga okha ndi amene saseka, chifukwa anali atauza kale abale onse kuti mwana wawo wapeza injiniya.

Koma pali chinthu chimodzi chimene chimandichotsa chimwemwe. Aphunzitsi aja anapita kwawo akundithokoza, akuti ndine namwino wa dzanja lofewa. Sakudziwa mpaka lero zimene zinali m'sirinji mwanga tsiku lija. Amene anawapulumutsa ndi mayi amene ndinkamujeda, amene panthawiyo anali atadziwa kale kuti ndikuyenda ndi mwamuna wake. Akanatha kundisiya ndigwe n'kuonerera. Sanatero, chifukwa pabedi panali munthu.

Ndiye inu amene mwangoyamba ntchito, kaya ndi ya chipatala kaya ina, funsani amene akudziwa, ngakhale akhale wa nkhope yowawa. Manyazi a kufunsa amatha pofika nthawi ya tiyi. Ndipo wokondedwa wanu akamakuyankhani funso lililonse osanenapo kuti "sindikudziwa," dziwani kuti pena pake akungopeka. Atsikana anzanga, mwamuna akati kwawo kuli munthu wovuta amene safuna alendo, pitani mukamuone munthu wovutayo ndi maso anu, masana dzuwa likuswa mtengo.

A Sipanala anakhala ku galaja miyezi inayi. Ngati anabwerera kunyumba kapena ayi, sindinafunse, ndipo Asisita si munthu woti ungamufunse zoterozo. Mwezi watha a Sipanala ananditumizira uthenga pafoni. Akuti apatsidwa mapiritsi a msana, ndiye amafuna kudziwa ngati angamwere mkaka.

Ndinawatumizira nambala ya ku famase. Ndikukhulupirira kuti mpaka pano akudikira.